Chotupa cha Pamchombo Chimene Ndinabisa

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine make Lusiya wa ku Bangwe, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za chotupa chimene chikanandipha chifukwa cha manyazi anga.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, amuna anga ali ku Joni chaka chachiwiri. Pamchombo panga panatuluka kachotupa ngati dzira la nkhunda. Ndikagona kankalowa, ndikasenza ndowa ya madzi kankatulukanso. Kenako mimba inayamba kufufuma. Wina ankati ndi njoka za m'mimba, wina ankati ndadyetsedwa mankhwala. Koma ambiri sankandiuza kanthu, ankangondiyang'ana n'kumawerenga miyezi.

Tsiku lina pachipata cha msika, bambo wofunsa makadi a chipani anaona khadi langa, n'kunena mokweza kuti ndigulenso la mwana ali m'mimbayo. Anthu anaseka, ndipo pagulupo panali a kumpingo kwathu. Kuyambira tsikulo ndinkamanga mimba ndi chitenje mwamphamvu mpaka kupuma movutikira. Kuchipatala ndinkaopa, poganiza kuti akandiona pamzere adzati ndayamba sikelo. Ine ndine wouma mutu, ndikuvomera.

Chotupa chija chinasiya kulowa. Chinalimba, chinada, ndipo ngakhale nsalu ikachikhudza ndinkalira. Ndinatha masiku atatu osapita kuchimbudzi, ndikusanza zobiriwira. Ana ndinkawauza kuti ndi malungo. Ndili choncho, uthenga unafika woti Loweruka kubwera azimayi awiri a kumpingo kudzandiona. Akapeza kuti ndili ndi pakati, ndidulidwa mumpingo ndipo kalata ipita ku Joni. Ndinachita mantha kwambiri, koma osati mantha a imfa.

Anabweradi. Wamkulu wawo anali Mayi Namalomba, mzamba wakale wosaseka ndi munthu. Anandiuza kuti ndimasule chitenje, ine ndinakana, iwo anamasula okha. Anagwira mimba, anagwira chotupa. Anandifunsa kuti kuchimbudzi ndapita liti. Nditawayankha, anatembenukira kwa mnzawo.

"Muno mulibe mwana. Mayiyu akufa. Pitani kumsewu mukaimitse galimoto iliyonse."

Anandinyamula pa lole ya mchenga, mutu wanga uli pamiyendo pawo. Tsiku lomwelo anandichita opaleshoni. Adokotala anandifotokozera kuti mnofu wa pamchombo unafooka ndi kubereka komanso kusenza zolemera, matumbo anatulukira pabowolo n'kupanika, ndipo mbali ina inali itayamba kuola. Anati mimba imatupa pa zifukwa zambiri, mwa ena ndi madzi, mwa ena chotupa cha mkati, ndipo sungadziwe usanapimidwe. Anatinso ndikanafika Lamulungu, akanalandira maliro.

Mayi Namalomba anagona pansi pafupi ndi bedi langa masabata awiri, ndipo Lusiya ndi mng'ono wake ankadya kunyumba kwa mayiwo. Kumpingo Mayi Namalomba anakaimirira okha n'kunena zimene anapeza.

Abale, mukaona chotupa pathupi musachimange ndi nsalu, pitani akakuoneni, olankhula alankhule. Ndipo musaleke kupemphera ngakhale yankho likubwera mokuopsani. Ine sabata yonse ija ndinkagwada n'kumapempha Mulungu chinthu chimodzi, kuti azimayi aja asabwere. Lero ndikumuthokoza kuti anandikaniza. Amen.