Mphasa Imene Tinkayanika M'mawa Uliwonse

Abale anga a m'kagulu kathu kano ka mapemphero, mtendere wa Ambuye ukhale nanu kulikonse kumene muli. Ndakhala chete nthawi yaitali, ena mpaka munandifunsa kumbali ngati ndinataya foni. Foni sindinataye iyayi. Chimene chinatsala pang'ono kutayika ndi banja langa, ndipo chinkalidya ndi nsanje. Lero ndati ndikuuzeni zimene Mulungu wandichitira, poti muno ndi mokhamo mmene ndingatchule mawu oti banja osayamba ndacheuka kaye.

Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina kuno ku Liwonde, koma kwathu ndi ku Balaka. Mnzanga wa m'banjali, mwamuna ngati ine, ndimutcha Jafali, ngakhale si dzina lake. Kwawo ndi ku Chikweo, ndipo amapikula nsomba ku Chiuta n'kumadzagulitsa kuno. Takhala limodzi zaka zambiri, imvi zandimerera tili m'nyumba yomweyo ya lendi. Kwa anthu ndife pachisuweni. Iye ndi Msilamu, ine Mkhristu, koma kuno zimenezo sizidabwitsa munthu chifukwa mitundu inasakanikirana kalekale.

Titangolowa m'nyumbayo tinagula mphasa. M'mawa uliwonse tinkaitulutsa pamodzi ndi bulangete n'kuiyanika pampanda, kuti oona aziti mmodzi wa ife amagona pabalaza. Amene tinkawaopa kwambiri anali eni nyumba, a Nangozo, mayi wamasiye wosajomba kutchalitchi, amene khomo lawo linayang'anizana ndi lathu. Maso awo saphonya kanthu, ngakhale nkhuku ya eni ikatsimphina iwo amayamba kudziwa.

Vuto linalowa ndi malaya. Chiyambire, Jafali anali asanavalepo shati yosokedwa ndi munthu wina, mapewa ake ndimawadziwa popanda tepi. Tsiku lina anabwera kuchokera ku Chiuta atavala shati ya m'sitolo, yabuluu, yomuthina m'khwapa. Anati wagula pa Ulongwe. Ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinadziwa kuti munthu sadzigulira chovala chomuthina. Sipanatenge nthawi ndinamva kuti anamupatsa ndi dalaivala wa galimoto imene inkawanyamulira nsomba, munthu wosalala, woseka mokweza, amene sanayambe kudandaula za msana ngati ine.

Jafali nditamupanikiza sanakane. Anati, "Palibe chachitika, koma sindikunamiza, mtima wanga ukumufuna. Iye akandiyang'ana ndimakumbuka kuti ndidakali munthu. Iwe masiku ano umandiyang'ana ngati katundu woti angabedwe." Kunena zoona, ndinalakalaka akanangondinamiza.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wina. Akalowa kubafa, ine ndili pafoni yake. Akavula malaya, ine ndikununkhiza, ngati kuti mwa wogulitsa nsomba mungatuluke fungo lina loposa la nsomba. Ndinkasiya makina masana, kukwera minibasi mpaka pa Ulongwe, kumene dalaivala uja amakhala, n'kukaima kuseri kwa amayi ogulitsa tomato kumasuzumira galimoto iliyonse yodutsa. Bambo wamkulu ngati ine! Ntchito inayamba kuwonongeka, mpaka diresi la mkwatibwi wina ndinalilumikiza mkono chagada. Ndinaonda moti anthu anayamba kunong'onezana kuti mwina ndikubisa matenda.

Chotopetsa kwambiri chinali chakuti ngakhale kukangana kwathu kunali konong'ona. Tinkayamba takweza wailesi, kenako n'kumalasana mawu chapansipansi ngati akuba akugawana katundu. Mukudziwa nonse kuti mwamuna ndi mkazi akayambana amathamangira kwa ankhoswe, mmodzi wa kuchimuna, wina wa kuchikazi, n'kuwakhazika pansi mpaka nkhani ithe. Nanga ife tikanapita kwa yani? Kwa abusa? Kupolisi? Amati mutu umodzi susenza denga, koma langali ndinalisenza ndekha. Kutchalitchi akafunsa amene ali ndi zopempha, ndinkangokweza dzanja n'kunena kuti changa n'cha mumtima.

Tsiku lina m'mawa Jafali anangoti, "Ndatopa." Sanakalipe, sanalire. Analongedza kachikwama n'kupita kwa achemwali ake ku Chikweo. Malaya onse amene ndinamusokera anawasiya pamsomali, anavala shati yabuluu ija. Inenso ndinali nditatopa moti sindinamugwire dzanja. Masiku otsatira ndinkadzuka n'kukayanikabe mphasa pampanda, sindikudziwa kuti ndinkanamiza ndani.

Kupemphera kwenikweni kunandikanika. Mawu okhawo amene ankatuluka ndikupalasa makina anali akuti, "Ambuye, Inu mukudziwa zimene anthu sadziwa. Ngati nyumba iyi simukuifuna, igwetseni ndipume. Koma ngati mumationa, nditumizireni munthu, mmodzi yekha, woti ndimuuze." Ndinapemphera choncho kwa masabata, kumwamba kuli zii.

Loweruka lina masana ndinamva odi. Nditatsegula ndinaona Abiti Saidi, achemwali ake aakulu a Jafali, iye ali pambuyo pawo atazyolika. Ndinaganiza kuti waulula, ndipo abwera kudzatenga katundu, mwinanso anyamata a kumudzi ali m'njira ndi zibonga. Mayiwo anayang'ana pabalaza, n'kutuma mchimwene wawo kuti akatenge mphasa pampanda. Anaiyala okha, anakhala pansi, anakonza mpango wawo, kenako anati, "Mwaswera bwanji, alamu?"

Abale anga, zaka zonsezi palibe munthu anali atanditchulapo choncho.

"Ine ndabwera ngati nkhoswe wa mwana uyu," anapitiriza. "Chibwerereni kwathu sakudya, akungokhala pansi pa mtengo ngati wofedwa. Nanga wa kwanu ali kuti? Nkhani ya banja sitikamba mbali imodzi."

Ndinati ndilibe. Iwo anati ndisanene bodza masanasana, anadzuka n'kutuluka. Pobwera anali ndi a Nangozo. Ndinafuna nthaka ing'ambike. A Nangozo anavula masilipasi pakhomo, anakhala pamphasa paja, n'kuisisita ndi dzanja.

"Mphasa iyi njodabwitsa, a telala," anatero. "Ine zanga ndagula, zatha, ndagulanso, zathanso. Iyi bango lake likuwalabe ngati yabwera dzulo kumsika. Mphasa yogonapo munthu sikhala chonchi iyayi. Ndinadziwa kalekale, ndinkangokumverani chisoni ndi ntchito yoitulutsa m'mawa uliwonse. Koma nditaona kuti mukuiyanikabe mnzanu kulibe, thupi likutha, ndinati munthu uyu atifera m'nyumba. Ndi ine ndinawaimbira mayiwa."

Amayi awiriwa anadziwana nthawi imene mayi ake a Jafali ankadwala, pamene tinawasunga m'nyumba mwathu kuti akhale pafupi ndi chipatala. Musaganize kuti anabwera kudzatiimbira nthungululu. Abiti Saidi ananena mosabisa kuti, "Zanuzi ine sindizimvetsa, ndipo kumudzi sindingazitchule. Woweruza ndi Mulungu, si ine. Koma amayi atadwala ndinu munkawabereka kumsana, atamwalira ndinu munasoka nsanda yawo. Munthu wotero sitimutaya ngati chitsononkho."

Anatiuza kuti aliyense alankhule, mnzake asamudule. Kanali koyamba kukamba za ife ndi mawu anga enieni, wailesi ili yotseka. Ndinanena za shati, za ku Ulongwe, za mantha anga oti ndakalamba ndipo tsiku lina adzandisiya popanda ngakhale munthu wondipepesa, poti pamaso pa anthu wochokayo ndi msuweni chabe. Ndinalira ngati mwana. Jafali naye ananena zake, kuti anatopa kukhala ndi mlonda m'malo mwa mnzake, ndi kuti ndinasiya kumufunsa mmene wayendera, ndinkangofunsa amene wayenda naye. Zinandiwawa chifukwa zinali zoona.

Kenako anagamula. Abiti Saidi anatembenukira kwa mchimwene wawo. "Iwe, maso alibe mpanda, kusirira aliyense amasirira. Koma kulandira malaya a mwamuna wina ndi kumutsegulira chitseko. Shati imeneyo ibwerere kwa mwini wake, ndipo nsomba zako zizikwera galimoto ina." A Nangozo, amene tsopano anali nkhoswe wanga, sanandinyengerere. "Inunso a telala mwaonjeza. Mbuzi mukaimangira chingwe chachifupi imadzipotokola khosi. Foni ya mnzanu muisiye, ku Ulongwe muzipita mukafuna tomato basi. Chikakuwawani, khomo langa ndi ilo." Anamwa madzi, anapemphera aliyense mwa chipembedzo chake, n'kunyamuka dzuwa likadalipo kuti Abiti Saidi apeze galimoto. Jafali anatsala.

Sindikunamizani kuti zonse zinatha tsiku lomwelo. Shati inabwezedwa, koma kukhulupirirana kuli ngati nsalu yong'ambika, ngakhale usoke bwino chotani mzere umaonekabe. Akachedwa ku Chiuta mtima umayambabe kuthamanga, ndipo masiku ena tonse timangokhala duu, otopa. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano zikandikulira ndimawoloka bwalo n'kukagogoda kwa a Nangozo. Nthawi zina amandilangiza, nthawi zina amangondiseka n'kundipatsa mtedza kuti ndiwathandize kusenda.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wotopa. Ndinapempha munthu mmodzi, Iye ananditumizira awiri, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene ndinkamuopa kuposa onse. Sindikuti mupite mukaulule kwa aliyense iyayi, dziko lathu tikulidziwa, ndipo si eni nyumba onse ali ngati a Nangozo. Koma inu amene mukukangana monong'ona, inu amene nsanje ikukudyani mulibe wokamuuza, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lake likhale la mawu awiri. Mulungu ali ndi anthu ake m'malo amene sitiwaganizira. Mutipempherere ifenso, ulendo udakalipo.

Mphasa ija sitiiyanikanso. A Nangozo anati wina akafunsa adzamuyankha ndi iwo. Imakhala pabalaza, amakhalapo iwowo akabwera kudzacheza, ndi Abiti Saidi akabwera ku Liwonde. Sabata yatha ndikusesa ndinaona kuti yayamba kutha m'mbali, bango lina lathyoka. Ndinamuitana Jafali kuti adzaone, ndipo tinaima pamenepo tonse awiri kuiyang'ana. Ambuye alemekezeke. Amen.