Thandizo Langa Linabwera pa Lole Likulalata

Ambuye Yesu atamandike, abale anga a mu mphakati, ndi inu nonse amene maso anu agwera pa mawu awa. Ndine nkhalamba ija ya kwa Kaphuka imene mumati siyitseka pakamwa ngakhale pa Misa. Sukulu ndinalekezera panjira aphunzitsi atatopa nane, choncho mukapeza chilembo chotsimphina muchigwire dzanja. Lero sindiseka kwambiri. Ndikuuzani za nyengo imene ndinatsala pang'ono kutaya mwana, osati kumanda ayi, koma ku Joni.

Akazi anga aNambewe anagwa ndi sitiroko, mbali ya kumanja n'kufa. Ine msana unatha kalekale ndi matumba a kachewere, kuwadzutsa pamphasa sindingathe. Amene amawanyamula, kuwasambitsa ndi kuwamva akamalankhula ndi lilime lolemera ndi mwana wathu Tadala. Iyeyu anaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo kampani ina ya ku Lilongwe inamulola kugwirira ntchito kumudzi konkuno, laputopu pamiyendo, amayi ake pambali.

Ntchito yake inali tsamba la pa intaneti lothandiza alimi a kachewere kupeza lole. Anandifotokozera kuti tsambalo limamwa mitsinje itatu ya uthenga, ngati dimba lothiriridwa ndi ngalande zitatu. Wina umanena matumba amene alimi alembetsa, wina malo otsala mu lole, wina kumene loleyo yafika. Umodzi ukangosintha, tsamba limatenga mawu atsopano a yonse itatu n'kumuuza mlimi kuti tulutsirani katundu kumsewu, kapena dikirani. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva, kuopa kuonetsa umbuli.

Ku Lilongwe akaliyesa linkayenda. Iye akaliyesa pakhonde pathu, linkayendanso. Koma alimi akalitsegula pa foni kankangooneka kagudumu, kuzungulirazungulira ngati galu wofuna kugona, osagona. Kachewere anabiriwira ndi dzuwa m'mbali mwa msewu. Anthu amene ndinabatizidwa nawo anayamba kundipatsa moni ndi chibwano. Kenako bwana wa Tadala anaimba foni kuti tsambalo likapanda kukonzeka mwezi usanathe, apeza wina.

Mwanayo anafufuza mpaka maso anafiira, chakudya chikuzizira pambali. Tsiku lina ndinamupeza akupukuta fumbi pa pasipoti, pakuti msuweni wake wa ku Joni anali atamulonjeza ntchito. Sanandiuze kanthu, nanenso sindinafunse. Koma aNambewe anaiona. Anagwira chitenje cha mwanayo ndi dzanja lamoyo lija, ndipo kuyambira tsikulo sankachisiya, ngakhale pomwa phala. Abale, ine amene ndimaseketsa anthu ndi pamaliro pomwe, ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe. Korona ndinaigwira koma mawu anandithawa. Ndinangoti, Ambuye, kompyuta sindiidziwa, kaya Inu munaiphunzira, koma mwanayu akapita, mayiwa adzawadzutsa ndani?

Yankho linafika m'mawa wina pa lole, likulalata. Anali Che Saidi, Msilamu wa sitolo ku boma, mwini lole imene inkabwerera yopanda kanthu chifukwa cha tsambalo.

"Madala, ali kuti mwana wanu wophunzirayo? Dizilo wanga akuthera kunyamula mphepo!"

Ndinatola ndodo. "Che Saidi, pakhomo pano pali matenda. Mukalalatire mbuzi zanu."

"Ababa, asiyeni," anatero Tadala. "Bambo, tandionetseni tsambalo pa foni yanu."

Kagudumu kankazungulira. Tadala anailumikiza foniyo ku laputopu, ndipo anaona kuti mitsinje iwiri yafika, koma wachitatu, wonena kumene kuli lole, uli gwaa, chonsecho loleyo ili pabwalo pathu pomwepo. Anafunsa za foni ya dalaivala, imene imatumiza uthengawo.

"Ili m'thumba mwake, intaneti yothimitsa. Ndinamulamula ndine. Msewu ukangoyandikira malire, foni imagwira netiweki ya ku Mozambiki, mayunitsi n'kuthera pomwepo. Tonse a malole timatero."

Tadala anangokhala pansi padothi, manja kumutu. Tsambalo analilemba kuti lisanene kanthu kufikira mtsinje uliwonse utalankhulako kamodzi, ndiye wachitatu ukakhala chete, iwiri inayo inkangoima pachipata kudikira mnzawo. Poyesa paja ankagwiritsa ntchito lole yongopeka ya mu kompyuta, lole yaulemu, yosadziwa za malire. Pomwepo anaupatsa mtsinje wachitatuwo mawu oyambira akuti kumene kuli lole sikunadziwike, ndi kuti ukadukiza panjira, tsamba lisunge malo amene unatchula komaliza. Kagudumu kanaima. Matumba ndi malo otsala zinatuluka poyera, ine wosaphunzira ndikuona ndi maso angawa.

Che Saidi anaiyang'anitsitsa foni. "Ndiye ndalalata pachabe?"

"Ayi achimwene," ndinatero ine, "munatumidwa, kungoti Wokutumaniyo sanakuuzeni."

Anaseka, nalowa kukawazonda aNambewe, ndipo anachoka atadzaza lole ndi kachewere wa anthu aja a moni wa chibwano.

Tadala sanachotsedwe ntchito. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda mutu la kuseri kwa nkhokwe. Ndikuthokozanso mwana wanga amene anandiletsa, chifukwa ndikanaliponya thandizo langa ndodo. Inu amene mukudikira ngati kagudumu kaja, musaleke kupemphera, ndipo mlendo akabwera ndi ukali, muyambe mwamumva.

Pasipoti inabwerera pansi pa sutikesi. M'mawa uno Tadala wawatulutsa amayi ake kukawotha dzuwa, iye n'kukhala pambali ndi laputopu yake. Ndayang'ana dzanja lamoyo lija. Chitenje lachisiya, lagwira kapu ya tiyi.