Sopo Amene Anasambitsira Abiti Saidi

Linali Lachisanu lomaliza la Okutobala, nthawi ya 1 koloko masana, pamene ndinathira mafuta a nkhumba mumgolo wanga wa sopo. Nthawiyo ndimaikumbukira chifukwa amuna onse a m'mudzi anali ku mzikiti. Ndinachita kuwadikira kuti apite.

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri a inu mumandidziwa ngati bambo wa makandulo. Makandulo ali paguwawa ndinaumba ndine. Lero ndikufuna mudziwe mbali inayo.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ku Mangochi ndinabwera ngati kalaliki wa boma nditangomaliza sekondale. Ntchitoyo inatha chifukwa cha mowa. Palibe anandinamizira, ndinaitaya ndekha. Anatitulutsa m'nyumba ya boma, katundu panja, mkazi wanga Esinati ali ndi mwana kumbuyo. Kubwerera kumudzi ndinachita nako manyazi.

Amene anatitola anali mayi wachikulire wa kwa Mponda, Abiti Saidi. Ankagulitsa nsomba zowamba pafupi ndi ofesi yathu, ndipo ankandidziwa ngati kalaliki wodzimva amene sankayankha moni bwino. Anatipatsa nyumba ya mwana wawo wina amene anapita ku migodi osabwerako. Iwo anali Msilamu, ife Akhristu, koma zimenezo sanazifunse. Mwana wawo wotsala, Che Asani, anali ndi boti lonyamula anthu ndi katundu kupita ku Makanjira. Tsiku lomwelo anayamba kunditchula achimwene.

Mowa ndinasiya chifukwa chosowa chogulira. Mtima unali womwewo.

Masiku amenewo sopo ankasowasowa m'masitolo. Ndinakumbukira zimene mphunzitsi wa sayansi anatisonyeza ku sekondale, ndipo ndinayamba kuyesa. Ndinkagula mafuta a ng'ombe kwa ogulitsa nyama pamsika, kuwasungunula, kuwasefa ndi nsalu, kuthira kositiki soda wosungunula m'madzi, n'kutakasa mpaka zitalimba ngati phala. Ndinkathira m'zikombole za matabwa, kudula ndi waya, kenako kuyanika pamthunzi mpaka ukali wa soda utatha. Poyamba ndinapsa manja kangapo. Pambuyo pake ndinaidziwa ntchitoyo. Phula la njuchi ndinkagula kwa alimi a ku Katuli, ndi limene ndinkaumbira makandulo.

Tsiku lina Abiti Saidi anabwera ndikudula sopo. Anatenga mmodzi, namununkhiza, namutembenuzatembenuza.

"Mwanangu, inu Akhristu mumadya chilichonse choyenda ndi miyendo inayi kupatula tebulo. M'menemu mulibe chinyama chija?"

Dzina lake sankafuna n'kulitchula komwe. Ndinawauza kuti mafuta ndi a ng'ombe zophedwa ndi Asilamu anzawo pamsika, ndipo ndinalumbira kuti china sindidzaikamo. Tsiku limenelo ndinkanena zoona. Anaseka, natenga sopoyo kupita naye kwawo.

Kuchokera pamenepo anakhala pakamwa panga. Anauza amayi a ku mzikiti, anauza anzawo a nsomba. Anthu sankati sopo wa bambo wa ku Ntcheu, ankati sopo wa Abiti Saidi. Che Asani ankamunyamula m'boti kupita naye ku Makanjira, kwa anthu amene sanandionepo nkhope. Iwo ankagula chifukwa chodziwa amene wabweretsa. Ine ndinkadya dzina la mayi ameneyu.

Kenako ng'ombe zinachepa pamsika, mafuta n'kusowa. Anthu ankabwera kudzafuna sopo, ine ndilibe. Kunena kuti ndilibe kunkandiwawa kuposa njala, pakuti ndinali nditayambanso kutchedwa bwana. Kunali msilikali wina wopuma ntchito amene ankapha nkhumba kumapeto kwa mwezi n'kumagulitsa mwakachetechete kwa aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma. Mafuta ankamutsalira ambiri. Ndinawatenga m'chidebe chovindikira bwino, ndinawamanga panjinga, ndinadzera njira ya kuseri.

Ndinadzinamiza ndi sukulu yanga. Ndinati soda amasintha mafuta, chotulukacho si nkhumbanso. Ndinati lamulolo ndi lawo, si langa. Ndinati ndi kamodzi kokha. Koma ngati ndinkakhulupiriradi zimenezo, ndinadikiriranji kuti anthu apite ku mzikiti?

Sopoyo anatuluka woyera kuposa wakale, wofewa pakhungu. Ndinaikamo masamba a mandimu kuti fungo lisadziwike. Amayi anamuyamikira. Abiti Saidi anandionetsa manja awo, amene kale ankang'aluka ndi ntchito ya nsomba, nati Mulungu wandipatsa luso. Ng'ombe zitabwereranso pamsika sindinabwerere ku mafuta akale. Pachipata cha msika anyamata a chipani ankangofuna kuona khadi. Za m'kati mwa sopo palibe ankafunsa.

Esinati anadziwa, pakuti ndi amene ankatsuka zidebe. Sanachite phokoso. Tsiku lina tikudya anangofunsa kuti, "Bambo a Chisomo, nyumba tikugonayi ndi ya ndani?" Ndinamukalipira mpaka mwana analira. Sanabwerezenso, koma zidebe anasiya kutsuka.

Tsopano mumve uchitsiru wanga. Makandulo a kuno ku tchalitchi ndinkawasamala kwambiri. Anali ndi mphika wawowawo. Phula lake ndinkasefa kawiri, osasakaniza ndi kanthu kena, ndipo ndisanagwire chingwe chake ndinkasamba m'manja. Ndinkati za Mulungu sizifuna chinyengo. Munandiyamikira, munandisankha kukhala mmodzi wa akulu a mpingo. Ndinkaganiza kuti Mulungu amakhala paguwa pokha, kuseri kwa nyumba yanga safikako.

Zinayenda choncho mvula ziwiri.

Loweruka lina m'mawa ndinali pakhonde ndikukulunga sopo. Ndinaona Che Asani akubwera opanda nsapato, maso ali ofiira. Anakhala pansi padothi.

"Achimwene, amayi atisiya."

Mukudziwa kuti anzathu Achisilamuwa maliro sagoneka. Anati aika tsiku lomwelo ikatha swala, pemphero lawo la masana, ndipo amayi osambitsa thupi anali atasonkhana kale, akungodikira sopo. Anati mayi awo ananeneratu akudwala kuti akadzamwalira asadzawasambitse ndi wa m'sitolo wosadziwika kumene wachokera, adzawasambitse ndi sopo wa mwana wawo.

Mwana wawoyo ndinali ine.

Ndinakhala nawo zaka, ndinkadziwa tanthauzo la kusambitsa kumeneku. Kwa iwo munthu amapita kwa Mlengi wake ali woyera, ndipo kusamba komaliza sikubwerezedwa. M'nyumba mwanga munalibe sopo ndi mmodzi yemwe wa mafuta a ng'ombe. Kusitolo ku boma sabata imeneyo sopo analiko, njinga yanga inali pomwepo. Ndikanatha kunena mawu ochepa chabe, n'kupalasa kukagula. Koma thandala langa linali lodzaza ndi sopo, Che Asani akuliona. Akanandifunsa chifukwa chake.

Esinati anaima pakhomo akundiyang'ana. Ndinadzuka, ndinasankha sopo woyera kuposa onse, ndinamukulunga m'pepala, ndinawapatsa ndi manja awiri. Anandithokoza.

Kumaliro ndinakhala pamodzi ndi amuna. Ndinamva madzi akukhavukira kuseri kwa mpanda kumene ankasambitsa, ndipo mphepo inabweretsa fungo la mandimu. Anawakulunga m'nsanda, anawaika m'jeneza, chonyamulira maliro chawo. Amuna ankalandirana ponyamula, ndipo Che Asani anandikodola kuti nanenso ndiikepo phewa, ngakhale sindinali Msilamu. Ndinanyamula. Anali opepuka kwambiri. Kumanda Shehe anati mayiyu wapita woyera monga anakhalira, sanadyepo cha munthu, sanathamangitsepo mlendo.

Pobwerera sindinalowe m'nyumba. Ndinapita kwa mayi wina wotcheza kachasu, kumene ndinali ndisanapondeko zaka zambiri. Ndinamwa, koma sindinaledzere. Manja anga ankanunkhabe mandimu.

Lamulungu ndinabwera kuno ndi makandulo atsopano monga mwa masiku onse. Ndinawaika ndekha, ndinawayatsa ndekha. Ansembe amene analipo nthawi imeneyo analalikira mawu aja mumawadziwa, onena za munthu wofika ndi mphatso paguwa pamene mnzake ali naye chifukwa. Sankadziwa kanthu za ine. Ndinayang'ana makandulo anga akuyaka bwinobwino, opanda utsi, ndipo ndinaona kuti Mulungu sanawalandirepo ndi tsiku limodzi. Nthawi ya Mgonero munapita nonse kutsogolo. Ine sindinachoke pabenchi.

Mutatuluka ndinatsala. Ndinagwada pabenchi lakumbuyo ilo. Ndilibe mawu ambiri, ndipo tsiku limenelo ndinalibiretu. Ndinangoti, Ambuye, ndine amene ndinachita. Kwa nthawi yoyamba sindinawonjezere chifukwa chilichonse. Ndinalira ngati mwana. Sindinaone kuwala, sindinamve mawu ochokera kumwamba. Ndinangodziwa kuti Yesu akundiona ndi zonse zanga, kuyambira chidebe chija mpaka pepala lija, ndipo sanachoke.

Ansembe anandipeza pomwepo, ndinawafotokozera zonse. Anapemphera nane. Kenako anati, "Mulungu wakumvani. Che Asani sanakumveni."

Ndinayesa kuzemba. Ndinati mayiyo anaikidwa kale, kuulula kungowonjezera chisoni pa anthu olira. Ndinati atichotsa m'nyumba, malonda atha, mwinanso atimenya. Ansembe sanatsutse chilichonse mwa izi. Anangondifunsa kuti sopo amene ali m'nyumba za anthu kwa Mponda ndi ku Makanjira, amene akusamba naye asanapite kokapemphera, ndimusiya choncho mpaka liti.

Sindikubisirani, zimene ndinkaopa zinachitikadi, kupatula kumenyedwa. M'nyumba ija tinatuluka tokha tisanauzidwe. Boti la Che Asani silinanyamulenso sopo wanga. Lero ndimapanga wochepa, wa mafuta a ng'ombe ndi a mtedza, ndipo mgolo ndimauika pabwalo poonekera, aliyense wodutsa aziona chimene ndikuthira. Che Asani tikakumana pamsewu amandipatsa moni. Amanditchula ndi dzina langa. Achimwene sananditchulenso, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Koma Mulungu alemekezeke, pakuti mowa sindinaukhudzenso, ndipo Esinati amandiyang'ana m'maso. Sindinganene kuti chisoni chinatha. Sopo amachotsa litsiro lambiri, koma ichi sakanatha. Anandisambitsa ndi Yesu, ine amene ndinaipitsa kusamba kwa mnzanga. Ulemerero ukhale kwa Iye.

M'bale wanga, mlongo wanga, mwina nawe uli ndi mphika wosamalika wa Mulungu ndi mgolo wina kuseri kwa nyumba. Usadikire maliro monga ndinachitira ine. Bwera lero, Iye sakuthamangitsa. Koma dziwa kuti ukachoka pamaso pake akutuma kwa munthu amene unamulakwira.

Ine ananditumadi. Lolemba m'mawa ndinagubuduza mgolo uja mpaka kudzala, ndinaubowola ndi nkhwangwa. Sopo yense wa pathandala ndinamukwirira m'dzenje. Kenako ndinavala malaya oyera n'kupita kunyumba ya maliro. Anthu anali akadali pamphasa. Ndinapempha Che Asani kuti tipite pambali, ndipo tinakaima padoko pafupi ndi boti lawo.

Ndinawauza zonse mwadongosolo, kuyambira Lachisanu lija. Sanandidule mawu. Ankangoyang'ana madzi. Nditamaliza ndinalakalaka akanangondimenya.

"Amayi alibe mlandu," anatero. "Sanadziwe. Amene anawasambitsa alibenso mlandu. Mulungu amaona zimenezo."

Ndinavomera ndi mutu.

"Koma inu Loweruka munali ndi pakamwa. Ndinakhala pakhonde panu. Mukanangonena."

Ndinapempha kuti andikhululukire. Anati zimenezo sangaziyankhe tsiku limenelo, mayi awo angogona kumene. Za ku Makanjira anati akanena okha paulendo wotsatira, pakuti sopoyo anapita ndi dzina lawo. Za kwa Mponda anati ndi zanga.

"Amayi anayenda khomo ndi khomo kukuchitirani umboni. Inunso muyende momwemo."

Anabwerera kwa anthu awo osandigwira chanza. Ndinapita kunyumba, ndinatenga thumba lopanda kanthu loti ndizitoleramo sopo uja. Esinati anamanga mwana wathu wamng'ono kumbuyo nanditsatira, ine osamupempha. Nyumba yoyamba inali ya mayi amene anatsogolera kusambitsa thupi. Tinawapeza akutsuka mbale ndi sopo wanga. Ndinavula chipewa, ndinagwada pabwalo, ndinati odi.