Azakhali a Mabotolo

Abale, anansi ndi alendo nonse, malemu azakhali athu amene tawazungulira pano anabadwa pa 3 Febuluwale 1956, ali achiwiri m'banja la ana anayi. Ine ndikuwerengane ndine mwana wamkazi wa alongo awo aakulu. Akuluakulu a banja anakonza pepala loti liwerengedwe lero, koma muli mzere umodzi wabodza, ndipo ndatumidwa kuti ndiuwongole malemu asanatsikire m'manda.

Anayamba sukulu mu 1963. Anzawo a m'kalasi amati aphunzitsi akamalemba samu pabolodi, malemu ankayang'ana pawindo ngati akuwerenga mitambo, koma choko chisanaikidwe pansi yankho linali litatuluka kale. Mu 1974 analemba mayeso omaliza a sekondale, ndipo pa masamu anaposa anyamata onse a pasukulupo. Anafunsira malo kuyunivesite. Chaka chathunthu ankapita kupositi ofesi Lachisanu lililonse, atasita diresi, n'kubwerako chimanjamanja. Apa pepala lija likuti sanapitirize maphunziro chifukwa cha zovuta zina.

Mu 1976 analembedwa ntchito mu labotale ya sukulu ina ya sekondale, yotsuka mabotolo, kupukuta masikelo ndi kulongedza mankhwala m'mashelefu. Anaigwira zaka makumi anayi. Ife apabanja tinkawatcha Azakhali a Mabotolo, ndipo tikakumana sitinkalephera kuwafunsa ngati mabotolo aja atenga digiri tsopano. Iwo ankangoseka n'kutiwonjezera tiyi. Inenso ndinasekapo nawo, sindibisa.

Mu 1979 anakwatiwa ndi telala wa pakhonde la sitolo. Akuti anakumana tsiku limene telalayo anati nsalu yawo siikwana manja a bulauzi. Malemu anawerengera pamtima, n'kuwasonyeza podula, nsalu inakwana mpaka kutsalako kolala. Bambowo anachedwetsa dala bulauziyo milungu itatu kuti azibwerabwera. Anadalitsidwa ndi ana aamuna awiri. Amuna awo anatsogola mu 2009.

Zotsatirazi ife tazidziwa sabata ino. Kuseri kwa labotale kunali kachipinda kosungiramo zipangizo, kopanda windo, ka tebulo limodzi ndi sinki. Kuyambira mu 1981, Loweruka lililonse m'mawa, atsikana amene ankauzidwa kuti masamu ndi fizikisi si za akazi ankalowa mmenemo asanuasanu. Bolodi munalibe. Malemu ankalemba ndi choko pachitseko, n'kufufuta ndi chinkhupule chotsukira mabotolo. Mtsikana akakhoza, amuna a malemu ankamusokera jasi loyera la mu labotale. Lamulo linali limodzi lokha: wofunsira malo kukoleji asalembe adiresi ya kwawo pafomu, alembe ya sukulu, kudzera mwa otsuka mabotolo. Kalata ikafika, malemu ankainyamula okha, kukaiika m'manja mwa mwiniwake, n'kuima pomwepo mpaka aitsegule.

Anapuma pantchito mu 2016. Mu Meyi 2024 anayamba kudandaula mtima, ndipo pa 2 Okutobala anagonekedwa m'chipatala.

Pa 9 Okutobala kuwodi kunafika mayi wina wa imvi zoyamba kumene, wonyamula kachikwama kakuda. Sanatchule dzina. Anagwada pambali pa bedi, natulutsa kope ndi pensulo, n'kuyamba kulemba manambala. Malemu, amene anali atakhala masiku awiri osayankhula, ankaloza ndi chala pamene panalakwika, akumwetulira. Ife tinamuyesa mmodzi wa aja oyenda m'zipatala kunamiza odwala. Tinamutulutsa ndi mawu amene sindingawabwereze pamaliro, ndipo chitseko ndinatsegula ndine.

Ali pakhonde, mayiyo sanakwiye. Anatifotokozera za kachipinda kaja ndi lamulo la adiresi. Kenako ananena chimene malemu ankauza mtsikana aliyense pomudzazitsa fomu: kuti nawonso kalata yawo inafika, ndipo patapita zaka zisanu wa papositi anawaululira kuti mlongo wawo anaisainira Lachinayi.

Bambo anga anali pomwepo. Anakhala pansi pasimenti. Masiku awiri anazungulira pakhomo la wodi akufunafuna mawu, ndipo pa 11 Okutobala 2024 malemu anatisiya mawuwo asanapezeke.

Dzulo bambo anatsitsa sutikesi yakale pamwamba pa wadirobu, n'kutulutsa envulopu pansi pa nsalu yamkati. Inali yosatsegula. Iwo anali atalephera mayeso omwewo kawiri, ndipo ataona chidindo cha yunivesite, mtima wawo sunalole kuti mlongo wamng'ono akafike kumene iwo analephera. Ndi iwo andituma kuti ndinene izi pagulu. Akhala apo, awerama. Kalatayo ndi iyi ili m'manja mwangayi. Ikuti malemu akafike pa 8 Sepitembala 1975 kukayamba digiri ya masamu.

Zovuta zina zija zinali ife. Malemu anadziwa zaka zonsezi, koma sanafunsepo. Bambo atathyoka mwendo mu 1998, anawadwazika ndi malemu. Ine amene anandibereka bambo omwewo, yunifolomu yanga yoyamba anandichapira ndi malemuwa.

Malemu asiya ana awiri, zidzukulu zisanu, alongo awo ndi ang'ono awo awiri. Asiyanso atsikana oposa mazana awiri amene anadutsa m'kachipinda kaja, lero mainjiniya, madokotala ndi aphunzitsi a sayansi. Majasi oyera mukuwaona kumbuyo uko ndi awo. Tikuthokoza anamwino a muwodi ya amayi, anansi amene mwatigwira mkono, ndi inu nonse mwasiya ntchito zanu.

Mayi tinamuthamangitsa uja ali pakati pa majasiwo, waima pafupi ndi khomo. Ndi pulofesa wa masamu, mtsikana woyamba kulowa m'kachipinda kaja, amene malemu ankamutcha Kadontho. Mayi Kadontho, tinakulakwirani. Banja likupempha kuti mubwere kutsogolo kuno, mukhale pampando wa ana a malemu.

Azakhali, kalata yanu tinaichedwetsa ndife, ndipo taitsegula inu mutatseka maso. Tikhululukireni. Mzimu wanu uuse mumtendere.