Usipa wa m'foni

Pa siteji ya Khombedza, mayi wina anaonetsa foni yake kwa bambo wina wonyamula nyali zophera usipa.

"Taikani chala pagalasipa, bambo."

"Ii! Usipa! Ukuthamangira chala changa ngati waona nyali!"

"Anapanga ndi mwana wanga Wezi. Anamuuza akonze tsamba la pa intaneti la loji ina ku Senga Bay, iye n'kuikapo tinsomba toseweretsati. Abwana ake anatsala pang'ono kumuchotsa ntchito."

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Anaikapo chala nawonso, mkwiyo unathera pomwepo. Pano alendo amayamba asewera nato kaye asanafunse za chipinda."

"Komatu mayi, katembenukidwe kake n'komweka! Ndakalambira panyanja, koma usipa sunabwerepo kwa ine dzuwa likuswa mtengo chonchi."

"Bambo, minibasi yanu ikunyamuka."

"Ipite. Ndiikeponso chala kamodzi."