Dona Cândida ndi Tulo ta Fatinha

Malemu Dona Cândida Lázaro, mlongo wanga ine Germano, anabadwa pa 9 Agosto 1969 kuno ku Zóbuè, m'banja la a Eduardo ndi mayi Luzia, alimi a mbatatesi. Anayamba maphunziro ku mishoni, koma nkhondo itafika povuta mu 1986 tinathawira ku Mwanza, ku Malawi. Tinabwerera mu 1993.

Mu 1995 anakwatiwa ndi a Ivo m'tchalitchi chathu chomwechi, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri, Olívia ndi Miguel. A Ivo atatisiya mu 2003, malemu sanakhale manja lende. Anakaphunzira zosamalira ziweto ku Chimoio, ndipo mu 2006 anapeza ntchito ku Maputo, m'nyumba yochitira kafukufuku, yosamalira makoswe oyera. Kuno tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ife tikutchera misampha m'nkhokwe, iwo akuphikira makoswe chakudya!

Akatswiri a kumeneko ankafufuza mmene tulo timathandizira kukula. Tiana ta makoswe tina ankatisiya tigone, tina ankatidzutsa tikangoyamba kusinza. Poyeza magazi ankaona kuti mahomoni okulitsa thupi amatuluka kwambiri kamwana kakagona, ndipo mwa todzutsidwa tija ankachepa. Wodzutsayo anali mlongo wangayu. Makoswe amagona masana, choncho iwo ankaswera akugogoda tizikwere ndi chala. Ntchitoyi ankaigwira mokhulupirika, koma inkawapweteka mtima. Ankandiuza kuti, "Achimwene, kakhoswe kamandiyang'ana ndi maso ofiira ngati kakufunsa chimene kalakwa."

Mu 2019 Olívia, amene ankakhala kudera la Bairro 25 de Setembro ku Moatize ndi amuna ake a Silvino, oyendetsa galimoto ku mgodi, anabereka Fatinha masiku asanakwane. Kanali kamwana kokwana m'manja awiri. Nyumba yawo inali pafupi ndi msewu wa malole a malasha, ndipo ku mgodi akaphulitsa miyala ziwiya zinkagwedezeka. Kusikelo mwana sankakwera. Malemu atabwera kudzaona mdzukulu, anakhala pamphasa n'kumaona khandalo likudzidzimuka lisanagone n'komwe. Ku Maputo sanabwererenso. Anatenga mwana ndi mayi ake n'kubwera nawo kuno kumapiri.

A Silvino zinawapsetsa mtima, ndipo anafunsa apongozi awo ngati mwana wawo wasanduka khoswe. Malemu anayankha kuti ayi, ndipo sanalonjeze kuti tulo tokha tingamukulitse. Phala la nsinjiro linalipo, mankhwala a kuchipatala analiponso. Koma anati pa moyo wawo anadzutsa tiana tokwanira, uyu yekha asadzutsidwe.

Inu a mudzi uno mukukumbukira zimene tinaona. Kwathu kuno mlendo akafika amafuna anyamule khanda, aliseweretse, ngakhale lili mtulo. Pakhomo pa Dona Cândida mwambo umenewo unathera pachipata. Mtondo anausamutsira kudimba. Tambala anam'pereka kwa aneba akutali. Ngakhale a Padre anadikira pansi pa mtengo wa pichesi mpaka mwana atadzuka yekha. Ine ndemwe ndinathamangitsidwa ndi wailesi yanga. Ena munati Maputo yawapatsa matama, ndipo iwo ankamva, koma sanasinthe. Lero Fatinha amapita kusukulu ndi miyendo yake. Ndi wamfupi ndithu, koma akukula.

Mu 2024 malemu anayamba kudwala mtima. Anagonekedwa kuchipatala ku Tete kangapo, ndipo anatisiya pa 3 Novembro 2025. Asanatsirizike anapempha chinthu chimodzi, kuti Fatinha akadzagona pa tsiku la maliro awo, asadzutsidwe.

Mwanayu wakhala akulira chiyambire dzana, osalawa tulo. Misa itangoyamba m'pamene wagona, m'nyumba ya kuseriyi. Mwambo wathu umati abale onse aone nkhope bokosi lisanatsekedwe, ndipo agogo akewa anali ngati mayi ake. Takambirana, misozi ili m'maso, ndipo sizinali zophweka. Amene agamula ndi a Silvino. Ndi iwo mukuwaona akhala pakhomo paja, kulondera kuti munthu asalowe. Bokosi titseka popanda Fatinha.

Malemu asiya ana awiri, zidzukulu zitatu, ndi ine mlongo wawo. Tikuthokoza anamwino a ku Tete, amayi a bungwe la mpingo la Legio amene ankatunga madzi ndi kuchapa, adzukulu okumba manda, ndi anzake a Silvino ochokera ku Moatize. Ambuye akubwezereni.

Akwaya, chonde nyimbo mukayambire kutsidya kwa mlatho. Amayi, ndikudziwa kuti n'kovuta, koma kulira kugwireni pakhosi mpaka tidutse chipata. Fatinha akadzuka n'kufunsa za agogo ake, ndimuyankha ndine.

Mzimu wa mlongo wanga uuse mumtendere wa Ambuye. Tinyamuke mwakachetechete, mwana wagona.