Muyeso Umodzi Umene aChitseko Anaphonya

Abusa, akuluakulu a mpingo, anamfedwa ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa: amene agona patsogolo pathupa ndi bambo athu aakulu. Dzina lawo la ubatizo linatsalira m'mabuku a tchalitchi, chifukwa aliyense, ngakhale akazi awo, ankangoti aChitseko. Anabadwa m'chaka cha 1951, m'kachipinda ka kuseri kwa shedi ya matabwa ya bambo awo. Amene analipo amati mwanayo anayamba wayetsemula utuchi, kulira kunabwera pambuyo.

Kusukulu aphunzitsi ankadandaula kuti mnyamatayu amalota masana, maso ali pawindo. Koma desiki iliyonse imene ankakhalapo inkasiya kugwedera. Atamaliza pulayimale analowa sukulu ya ntchito zamanja, natulukako ali kalipentala, pensulo ili kukhutu.

Mayi athu aakulu, aTelala, anakumana nawo kukwaya. Pamaliro sitinamizana: malemuwa mawu oimbira analibe. Ankangopita kukakhoma mabenchi osathyoka n'komwe, mpaka mayi anawamvera chisoni. Anamanga ukwati woyera, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamkazi, mlongo wathu amene wakhala pafupi ndi bokosiyu.

Mwanayo atangoyamba sukulu, mpingo unafuna amishonale okatumikira kudziko lakutali, pakati pa anthu osauka okhala m'mphepete mwa mzinda waukulu. Malemuwa anadzipereka, mayi nawonso anavomera. Kumeneko kunalibe sukulu, madzi ake anali odwalitsa ana, choncho mlongo wathu anamusiya m'nyumba mwathu. Anamuuza kuti ndi zaka ziwiri zokha. Tsiku lonyamuka bambo ake anamuimika pakhoma n'kumuyeza msinkhu ndi tepi, mwana n'kumaganiza kuti akamupangira bedi. Zaka ziwirizo zinabala zinzake.

Ulaliki wa pakamwa unawakanika. Chilankhulo cha kumeneko chinkawatsamwa, moti akaima kutsogolo anthu ankaseka mpaka misozi, iwonso n'kumaseka nawo. Koma maso a mmisiri anaona zimene alaliki ena sankaona: nyumba za malata akale ndi makatoni, pakhomo pakulendewera chisaka. Mphepo inkalowa, agalu ankalowa, woledzera aliyense ankalowa. Anayamba kutola matabwa a mabokosi otayidwa kufakitale, kuzula misomali, kuiwongola umodziumodzi, n'kumakhoma zitseko.

Anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Asanadule thabwa, ankaitana banja lonse n'kuyeza munthu wamtali kwambiri wa m'nyumbamo. Ankati munthu wosauka amawerama tsiku lonse kwa eni ake, ndiye asamaweramenso polowa m'nyumba mwake. Akamangirira chitseko ankatuluka panja, n'kuchitseka, n'kuvula chipewa, n'kugogoda. Ankadikira mpaka mwini nyumba atawalola kulowa. Ambiri kunali kuyamba kumva munthu akupempha chilolezo pakhomo pawo. Ena ankaseka, ena ankalira, ndipo gogo wina anawasiya panja dala kuti amvenso kugogodako. Lamulungu lotsatira anthu amenewo ankapezeka m'tchalitchi popanda wowakoka.

Chimwemwe chawo chinali m'mamawa. Ankagona chagada, kuwala kukudontha m'mabowo a malata ngati nyenyezi zochedwa kupita kwawo, n'kumamvetsera zitseko zikutseguka njira yonse. Chilichonse ankachidziwa kulira kwake: icho n'cha mayi wogulitsa makala, icho n'cha mlonda akuweruka, icho chikufuna mafuta. Ankati imeneyo ndiyo kwaya yokhayo imene sinawathamangitse. Nthawi zina ankalota mzinda wonse uli zitseko zokhazokha zikuyandama m'mwamba, ana akulowa ichi n'kutulukira icho, ndipo ankadzuka akuseka.

Kuno zinthu sizinali choncho, ndipo mlongo wathu watilola kuti tinene. Anakula ndi chotupa mumtima. Ankati bambo ake amatseka nyumba za eni, koma ya mwana wawo anaisiya yapululu. Makolo ake atabwera kutchuthi koyamba, iye anali kusukulu yogonera komweko, n'kunamizira mayeso. Ulendo wachiwiri anali atakhala namwino, ndipo anadzipezera ntchito kuchipatala chakutali. Mayi anamulondola n'kukamuona, koma mwanayo anakaniza bambo ake kufikako. Chithunzi ankakana kutumiza. Ife tinkaopa kuti awiriwa adzaonana kumanda.

Chaka chatha malemuwa anagwa ali pantchito, dzanja ndi mwendo wamanja zinafa, lilime linalemera. Mayi okha sakanatha kubwera nawo, ndipo m'banja mwathu namwino ndi mmodzi. Mlongo wathu ananyamuka nkhope ili gwa, akuti akupita ngati namwino, osati ngati mwana.

Atafika anayenda m'kanjira kamatope, zitseko zobiriwira ndi zachikasu uku ndi uku. Mayi wogulitsa makala uja anamulozera nyumba ya chitseko chachitali kuposa zonse, choti munthu angalowe atasenza mtolo osawerama. Mlongo wathu anaima nthawi yaitali, kenako anagogoda.

M'kati, pafelemu ya chitsekocho, panali mizere yojoba ndi tchizulo, uliwonse ndi chaka chake. Wapansi unali msinkhu uja anamuyeza tsiku lonyamuka. Mayi anamufotokozera kuti tsiku lake lobadwa likafika, bambo ake ankaima pamenepo, n'kutsinzina, n'kuganizira kuti mwana wakula bwanji, n'kujoba mzere wina. Chitsekocho anachikweza kawiri konse, poti wamtali wa m'nyumbamo, kwa iwo, anali mwana wawo. Mayi anawauzapo kuti mwanayo anatengera mayi ake, ndi wamfupi, koma malemuwa anayankha kuti, "Mayi, inu ndi telala. Za matabwa mundisiyire ine."

Mlongo wathu anavula nsapato n'kutsamira felemuyo. Mzere wapamwamba sanaufikire ngakhale ndi dzanja. Bambo ake pabedi anayang'ana mzerewo, anayang'ana mwana, n'kuyamba kuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, misozi ikutsikira m'khutu. Mmisiri amene anayeza anthu mazanamazana osaphonya anali ataphonya mwana wake yemwe. Mlongo wathu ndi mayi anawadzutsa, anawagwirizira, anawapatsa pensulo kudzanja lamanzere. Mzere umene anajambula tsiku limenelo ndi wokhota, koma, kupatula wapansi uja, ndi wokhawo wolondola. Unamwino unathera pomwepo, amene anatsala anali mwana akulira pachifuwa cha bambo ake.

Tsiku lobwerera kuno, anthu anaima aliyense pakhomo pake n'kumagogoda zitseko zawo mpaka galimoto inakhota. Malemuwa akhala miyezi yawo yomaliza m'nyumba ya mlongo wathu, iye akuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwameta. Akagona, dzanja lamanzere linkayenda pabulangete ngati likupala thabwa. Lachiwiri m'mamawa anamva mwana wawo akutsegula chitseko cha kuchipinda, anamwetulira, n'kunong'ona kuti chikufuna mafuta. Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza.

Malemuwa asiya akazi awo, mng'ono wawo mmodzi, alongo awo awiri, mkamwini, zidzukulu zitatu, ife ana a mng'ono wawo, ndi mabanja ambirimbiri kutali uko amene amagona atatseka pakhomo. Asiyanso mwana mmodzi wamkazi, wamfupi ngati mayi ake, amene anabweretsa kuno thabwa la mizere lija n'kulisunga m'chipinda mwake.

Bambo athu, munagogoda pamakomo ambiri, ndipo tikhulupirira kuti kumene mwapitako simunadikire panja. Mzimu wawo upumule mu mtendere.